A Hudson Awerenga Choimirira

Chaka chimene mvula inadula mu Januwale n'kusiya chimanga chitapserera chisanamasule, ku Nkaya kunatha zinthu ziwiri: ufa ndi kuchezerana. Za ufa aliyense ankazikamba, mpaka pa wailesi, mpaka akuluakulu a mimba zawo amene njala amangoimvera m'malipoti. Koma za kuchezeranazo panalibe anazitchula.

Zinayenda chonchi. Kwathu kuno mlendo akafika pakhomo sumufunsa ngati wadya. Umamupatsa mpando, madzi, kenako kanthu kotafuna, kaya ndi chinangwa, kaya timtedza ta m'manja. Tsono m'nyumba mukakhala muli pululu, mlendoyo umuyang'ana ndi maso ati? Naye mlendo ali ndi mantha ake: akapatuka, anthu ati watsata utsi. Basi anthu anayamba kupatsana moni ali chiyendere, dzanja m'mwamba, miyendo osaima.

Zuhura anaziona zimenezi pa amjomba ake, Che Idrisa, mlongo wa malemu mayi ake. Zuhurayo ankakhala ku Liwonde, komwe anali ndi kabenchi pafupi ndi depoti ya maminibasi, kutchajira anthu mafoni ndi kuwaikira nyimbo. Sukulu anailekera Fomu 1, koma kukonza mafoni, kujambula maluwa ndi kukalipira anthu pa Fesibuku anadziphunzitsa yekha. Makondakitala ankamutchula kuti Tsabola, ndipo iye sankakana.

Mu Novembala anapita ku Nkaya ndi kajumbo ka ufa. Khonde la amjomba ake ankalidziwa ngati msika: madoda thoo, bawo pakati, phokoso kumveka mpaka kunjanji komwe mkuluyo anagwirako ntchito zaka zonse za mphamvu zake. Tsiku limenelo anapeza zii. Bawo linali litatsamira khoma chozondoka, akangaude atamangamo kale. Mwini wake anali m'nyumba, chitseko chotseka, masanasana.

Kuonda anali ataondadi, koma chaka chimenecho wonenepa anali ndani? Chimene chinamuopsa Zuhura n'chakuti munthu amene ankalankhula ngati wailesi yopanda pozimitsira tsopano ankayankha mawu amodziamodzi.

"Amjomba, bawo mwalizondotseranji?"

"Likupuma."

"Nanga a Hudson ali kuti?"

Che Idrisa anayang'ana kudenga. A Hudson anali mnzawo wa kutsidya kwa njanji, mlimi wachilomwe, wowerenga mawu kutchalitchi. Zaka makumi atatu akumenyana pa bawo limenelo. Pa Idi a Hudson ankadya kuno, pa Khirisimasi Che Idrisa ankakadya uko, nkhuku atazinga okha ndi mpeni wawo. Wina ankatchula mnzake kuti Shehe, winayo n'kubwezera kuti Abusa, chonsecho panalibe shehe kapena m'busa pa awiriwo.

Zuhura anawapanikiza mpaka nkhani inatuluka.

"Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Ndinamva belu la njinga yawo. Ndinasuzumira m'dengu, ngakhale madeya munalibe. Mwana wanga, sindidziwa chinandigwira. Ndinangolowa m'nyumba, chitseko tseke, n'kukhala chete ngati khoswe. Iwo odi, odi, odi, katatu. Ndiye ndinaiwala masilipasi pakhomo."

"Iii, amjomba!"

"Ndinawamva akuti, 'Masilipasi inu, mukamuuze mwini wanu kuti ndinabwera.' N'kukwera njinga. Miyezi iwiri tsopano. Akandiona kumsika amayang'ana tomato." Anapumira m'mwamba. "Bawolo ulitenge. Ukawapatse ogulitsa ziboliboli ku Liwonde. Ine sindidzaligwiranso."

"Sinditenga."

"Ndiye likhala nkhuni."

Ananena mosakalipa, ndipo n'zimene zinamuwawa Zuhura. Anadziwa kuti bawolo likangopita pamoto, chitseko chija sichidzatsekukanso.

Atabwerera ku Liwonde anatsegula Fesibuku. Uyu waika chithunzi cha nkhuku ndi tchipisi. Uyo wajambulitsa akupatsa gogo wina paketi imodzi ya soya, iye mano onse pamtunda, gogoyo atayang'ana pansi. Zuhura anayamba kulemba. Anafotokoza za mkulu wina wa ku Nkaya, za dengu lopanda kanthu, za chitseko, za masilipasi, zonse. Dzina sanatchule. Anamaliza motere: "Chithunzi sindiika, nkhope ya mkulu wanga si chikwangwani. Amene ali ndi mtima amulembere kalata. Pamanja, papepala. Mupatse kondakitala aliyense wobwera ku Liwonde, muti ya Tsabola wa padepoti."

Pofika mawa lake panali tinkhope tolira mazana awiri, "zomvetsa chisoni" makumi angapo, ndi ma "Ameni" osawerengeka. Kalata ngakhale imodzi.

"Tinkhope tanu tolirati ndikawapachikire pakhoma?" analemba Zuhura. "Munthuyo alibe foni. Manja anuwo anangolengedwera kukanda galasi basi? Lembani, alesi inu!"

Wina wotchedwa Mike, wa ku Lilongwe, anayankha: "Anthu akugona ndi njala iwe ukuti makalata? Adya pepala?"

"Uli ndi chimanga? Tumiza lero," anabweza Zuhura. "Ulibe? Cholembera uli nacho."

Mike sanayankhenso.

Amene anamuthandiza nzeru anali Dailesi, telala wa pafupi ndi benchi lake, yemwe ankamumvera akutukwana foni tsiku lonse.

"Iwe Tsabola, anthu sungawakalipire kuti akonde munthu. Apatse polembapo."

Anatola makatoni a sopo m'magolosale, n'kuwadula timakadi. Dailesi ankasokererapo tizidutswa ta zitenje totsala, Zuhura n'kujambula mkati maluwa, nsomba, nthawi zina sitima. Anajambula kavidiyo koonetsa mapangidwe ake n'kukaponya pa Fesibuku ndi m'magulu a Watsapu. Makadi ena anawayala pabenchi pomwepo. Munthu akabweretsa foni yoti itchajidwe, Zuhura ankamutambasulira khadi ndi cholembera.

"Foni yanu idzaza pakatha ola. Manjawo ali pa ulova. Lembani."

"Ndilembe chiyani, munthu sindimudziwa?"

"Pa Fesibuku paja mumawadziwa onse mumawalemberawo?"

Patatha masabata awiri makalata anakwana khumi ndi anayi. Ena a pabenchi pomwepo, ena obwera ndi makondakitala atapindika m'matumba a kumbuyo, ena m'maenivelopu omata bwino. Imodzi inachokera ku Lilongwe, kuseri kwake kutalembedwa dzina lakuti Mike. Zuhura sanatsegule iliyonse. Kalata ya mwini ndi ya mwini.

Panali vuto limodzi, ndipo Zuhura analikonda vutolo. Che Idrisa zilembo zimene ankadziwa zinali za kumadrasa zokha. Zathuzi ankangoziona ngati mapazi a nkhuku.

Loweruka anakwera minibasi, kenako kabaza, n'kukatsikira kwa a Hudson. Anawapeza kuseri kwa nyumba akusonkhezera kampoto ka mango aawisi. Atamuona anadzuka msangamsanga n'kuima kutsogolo kwa mpotowo ngati akuotha dzuwa. Zuhura anayang'ana mtengo wa nsangu, kukhala ngati sanaone.

"Iii, mwana wa Che Idrisa! Dikira ndikupezere mpando."

"Iyayi, abambo, musavutike. Lero sindine mlendo. Ndine wa positi." Anawaonetsa jumbo. "Makalata a amjomba awa. Akufunika wowerenga."

Nkhope ya a Hudson inauma. "Iwe sutha kuwerenga?"

"Ndimatha. Koma ndikubwerera lero lomwe, ndipo makalata azibwerabe. Komanso ena alemba zopendeketsa zachikale zija, ine sindiziona mutu wake. Amati inu mukamawerenga kutchalitchi ngakhale ogona amadzuka."

"Amatero?" Anadzigwira msanga. "Ayi. Pakhomo pamene amanditsekera chitseko ine sindipondapo."

Zuhura anali atalonjeza mumtima kuti alankhula mofatsa. Lonjezolo linatha pomwepo.

"Akuluakulu awiri, imvi mbuu, kukwiyirana chifukwa cha masilipasi! Ife ana tiphunzire chiyani? Munthu uja akufuna kuwaza bawo lija nkhuni, inu muli pano kunyada!"

"Kuwaza bawo?" A Hudson anatsegula maso. "Bawo la mlombwa lija? Wapenga?" Kenako anakhosomola. "Zake zimenezo. Ndipo iwe chepetsa tsabola, ukulankhula ndi bambo wako."

"Pepani. Koma tandiyankhani. Wa positi akabweretsa kalata, amamuphikira?"

"Iyayi."

"Amamupatsa mpando?"

"Iyayi."

"Ndiye mukuopa chiyani? Simukupita kukacheza. Mukupita kuntchito."

A Hudson anakanda chibwano nthawi yaitali. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete la kutchalitchi, magalasi omanga ndi ulusi ali m'manja. Anapatukira kaye kumpoto kuja, akuti kukazimitsa moto.

"Ndikawerenga choimirira," anatero. "Pakhonde pake sindikhala. Ngakhale madzi ake sindimwa. Wamva?"

Anawoloka njanji, a Hudson patsogolo, Zuhura pambuyo akudziluma milomo kuti asaseke. Pakhomo paja masilipasi anali pamalo pake. A Hudson anaima pabwalo, padzuwa penipeni, mthunzi wa khonde utalekeza kuzala za mapazi awo.

"Masilipasi inu," anafuula, "kamuuzeni mwini wanu kuti kwabwera positi!"

Mkati munamveka kugwa kwa kapu. Chitseko chinatseguka pang'ono, kenako chonse. Che Idrisa anayang'ana mnzawo, anayang'ana Zuhura, n'kubwerera mkati. Anatuluka ndi mpando, manja atazolowera okha.

"Sindikhala," anatero a Hudson, maso ali pa jumbo. "Ndili pantchito."

"Anthu akulemberani makalata, amjomba," anafotokoza Zuhura. "Awa angobwera kudzawerenga."

"Anthu ake ati? Ndalakwa chiyani?"

"Tangokhalani pansi mumve."

Mpando unatsala pakati, wopanda munthu. Che Idrisa anakhala pamkeka. A Hudson anakonza magalasi, kukhosomola kawiri ngati ali paguwa, n'kutsegula khadi loyamba, la kansalu kobiriwira.

Linali la namwino wina wa ku Zomba. Anangopereka moni, n'kunena kuti bambo ake nawonso ankagwira ntchito kunjanji, ndipo mpaka lero akamva sitima amaima. Che Idrisa anatembenuza khadilo kawiri katatu, kusisita kansaluko ndi chala.

Yachiwiri inali ya Mike. "Agogo, mdzukulu wanu ndi wamwano kwambiri. Koma wandichititsa manyazi, ndiye ndalemba. Bawo ndimalidziwa pang'ono. Kuno ku Lilongwe palibe amandigonjetsa."

"Ku Lilongwe kuli bawo?" Mawu anawapulumuka Che Idrisa. "Amangotaya nkhomo m'maenje ngati akudzala mtedza!"

"Owerengeredwa asamalankhule," anatero a Hudson. Koma pakona pa mlomo wawo panagwedera.

Thukuta linali litayamba kutsikira m'kolala ya jekete. Anasuntha phazi, kusinthira kulemera mwendo wina, n'kung'amba enivelopu yachitatu.

"Yachokera ku Balaka, kwa mayi Princess, mphunzitsi. Akuti: 'Kwa inu agogo amene munabisala m'nyumba chifukwa munalibe choti mumupatse mnzanu...'"

Mawu anathera panjira. A Hudson anayandikitsa pepala kumaso, n'kubwereza chamumtima, milomo yokha ikuyenda.

Zuhura anali ataiwaliratu kuti anthu amayankha zimene wawauza. Chinsinsi chimene amjomba ake anamuuza chitseko chili chotseka, iye anachimwaza dziko lonse, ndipo tsopano chabwerera kunyumba ndi sitampa.

"Zuhura." Mawu a Che Idrisa anali otsika. "Wandiyanika pa Fesibuku?"

"Dzina sindinatchule, amjomba."

"Ku Nkaya kuno okhala ndi bawo ndi masilipasi olankhulidwa alipo angati?"

Tsabola yense anathera pomwepo. Amene ankanyoza ojambula nkhope za osauka, iye anali atajambula choposa nkhope. Anagwada pambali pa mkeka, maso pansi.

"Ndimalize," anatero a Hudson, mawu atasasa pang'ono. "Kalata siisiyidwa pakati. Akuti: 'Musadzione ngati muli nokha. Mwezi watha kunabwera alamu anga nthawi ya nkhomaliro. Ine, mphunzitsi wathunthu, ndinathawira kubafa. Ndinkati aona kuti kulibe munthu apita. Iwo anakhala pansi kudikira. Ndinakhala kubafako ola lathunthu, popanda madzi, ndikumenyetsa ndowa kuti azimva ngati ndikusamba. Potuluka anandifunsa kuti mlamu, mwasamba bwanji mapazi ali mbuu?'"

Che Idrisa anatulutsa kamawu m'mphuno, kofuna kukhala chifuwa koma kosakhala chifuwa.

A Hudson anavula magalasi. Koyamba m'miyezi iwiri anayang'ana mnzawo m'maso.

"Shehe. Ndiye munalibe kanthu?"

"Ngakhale madeya, Abusa."

"Ine ndinkayesa ana anu a ku Joni atumiza mpunga, mukundibisira."

"Ana ake ati? Aja amatumiza moni?"

A Hudson anapinda kalata ija pang'onopang'ono, kuipindanso, mpaka inachepa ngati tikiti ya basi.

"Poti lero zinthu zikuyanikidwa, nanenso ndiyanike zanga. Tsiku lija sindinabwerere bawo iyayi. Ndinali nditagona masiku awiri ndi madzi okha. Ndinayang'ana dzuwa, ndinawerengera bwinobwino kuti ndikafike nthawi ya nkhomaliro. Nditaona chitseko chotseka ndinati basi, wandiona njala pamphumi, wadziwa chimene ndadzera. Sikukwiya kumene kunandiletsa kubweranso, Shehe. Ndi manyazi."

Che Idrisa anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka.

"Ndiye inu... munapalasa njinga dzuwa lonse lija... kudzadya chimene kunalibe?"

"Inu n'kutseka chitseko kubisa chimene kunalibe!"

Kuseka kumene kunaphulika pamenepo kunathamangitsa nkhuku ya aneba. Che Idrisa anagwa chammbali pamkeka akumenya pansi. A Hudson anagwira m'mimba, kugwira bondo, kufufuza chogwira china, ndipo chimene dzanja linapeza chinali mpando uja. Anangoti khu, kukhalapo, misozi ikutsikira m'masaya.

Zuhura anadzutsa mutu. "Abambo, wa positi sakhala pansi."

"Positi yatseka. Lero Loweruka."

Kuseka kutachepa, Zuhura anaona maso a amjomba ake akuthawira kuchitseko, kudengu kuja. Mlendo wakhala pansi, ndiye pafunika kanthu. Che Idrisa anayamba kudzuka. A Hudson anawagwira mkono.

"Khalani, Shehe. Timvane lero lomwe. Wowerenga makalata chake ndi madzi, basi. Pakakhala kanthu tidya, pakapanda tiwerenga." Anapisa m'thumba la jekete, lomwe linali litanyowa chigamba chonse, n'kutulutsa mango awiri ophika. "Awa anangogweramo okha pozimitsa moto."

Madzi anabwera. Mango anadyedwa mpaka nthanga kuyera. A Hudson anawerenga makalata otsala m'jumbo ndi chala.

"Khumi ndi imodzi. Maso angawa akalamba, saloleza kupitirira imodzi patsiku. Ndiye ndizibwera mawa, mkuja, mpaka athe."

"Lero mwawerenga atatu," anatero Zuhura.

"Lero ndinali ndi mkwiyo. Mkwiyo umawalitsa maso."

Che Idrisa anali atakoka kale bawo lija, akupukuta akangaude ndi mpango wa pamapewa. Nkhomo anazitulutsa m'chitini cha mkaka. Asanayambe n'komwe anakangana kuti womaliza kupambana mu Seputembala anali ndani, aliyense akulumbira pa buku lake.

Zuhura anadikira mpaka mkangano utapuma. "Amjomba, ndinalakwa. Nkhani ija sinali yanga yoti ndiimwaze. Ndikaifufuta."

"Ukafufuta m'mitu mwa anthu?" Sanamuyang'ane, ankagawa nkhomo m'maenje. "Mlandu ulipo, ndipo sutha ndi pakamwa. Si iwe ukuuza dziko lonse kuti lizilemba pamanja? Ukalembe kalata yopepesa. Masamba awiri. Aiwerenge Abusa pano, mokweza."

"Ndidzaiwerenga ngati kalata ya kwa Akorinto," anatero a Hudson.

"Ndipo mayi wa kubafa uja timuyankhe. Ndinena ine, alemba Abusa. Wa ku Lilongwe uja umuuze abwere ndidzamuphunzitse kugwira nkhomo." Anaima kaye, nkhomo zili m'manja. "Makadi ako a nsaluwa alipo ena? Kuseri kwa mzikiti kuli Che Zaituni, chimwalirire amuna awo sanatulukepo. Kulinso a Pitala a kumpanda wa sitima. Koma nkhani zawo usakazimwaze. Ungoti kuli anthu."

"Ndingoti kuli anthu," anavomera Zuhura.

"Nanga wokawawerengera?" anafunsa a Hudson, akudziwa kale yankho.

"Muli ndi njinga, muli ndi jekete. Mukufunanso chiyani? Sewerani, Abusa, dzuwa likupita."

Zuhura anawasiya akutakata, phokoso litayamba kale kuitana anthu. Mkulu wina wodutsa pamsewu anakweza dzanja monga mwa masiku onse, koma miyendo inachedwa, inaima, kenako inapatuka.

Ali pakabaza, dzanja limodzi litagwira chishalo, analemba pa Fesibuku ndi chala chimodzi: "Makalata afika. Pakufunika ena, kuli anthu. Wa positi tamupeza, kungoti ndi waulesi, amakhala pansi." Anaika foni m'chikwama n'kuyamba kuganiza za masamba awiri aja. Kukalipa ankakutha popanda kukonzekera. Kupepesa kokwana masamba awiri kunafunika kuti akafunse kwa Dailesi poyambira pake.